Mlendo wa pa Nambala Eyiti

Ulembi wa pa mafulati aja sindinaufune ayi. Anandisankha ine ndili kumaliro ku Chiradzulu, pobwera n'kupeza fayilo yabuluu ikundidikira kwa atcheyamani. Akuti poti ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina ku Makata, mapepala ndimawadziwa. Anthu a pa lendi ndi otero, ntchito yopanda malipiro amapatsa amene palibe.

Nyumbayo ili ku Zingwangwa, mbali yopita ku Soche. Ndi yosanja, makomo asanu pansi, asanu pamwamba, masitepe amodzi okha pakati. Alandilodi ake amakhala kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, koma fayilo ankaifuna yolongosoka chifukwa a inshuwalansi ankawavuta. Mmene ndinkailandira inali chisokonezo chokhachokha. Setifiketi ya mabotolo ofiira ozimitsira moto inali itamatana ndi khadi la chinkhoswe, lipoti la wamagetsi lili ndi dontho la mafuta ophikira, malisiti a galimoto yopopa zimbudzi atapindidwa ngati ndudu. Ndinadula makatoni a sopo n'kugawa bwinobwino: za moto, za magetsi, za madzi ndi zimbudzi. Kumapeto ndinaika pepala la anthu, lolembapo aliyense wogona m'khomo lililonse.

Pepala limeneli ndi lomwe linkandidwalitsa mutu, chifukwa linali ndi ntchito ziwiri zosagwirizana. Kwa ife, moto ukabuka tinkayenera kusonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri, wina n'kuitana mayina kuti tidziwe amene watsala m'nyumba. Kwa alandilodi, pepala lomwelo linali loonera ngati lamulo lawo likutsatidwa: khomo limodzi, anthu asapose asanu. Wachisanu ndi chimodzi akapezeka, notisi.

Ine ndinkakhala pa nambala seveni, pamwamba. Pa eyiti panali banja la bambo woyendetsa lole, mkazi wake wogulitsa kaunjika kumsika, ndi ana atatu. Asanu ndendende. Tsiku lina ndinaona akukweza nkhalamba pa masitepe, atainyamula pa mpando wapulasitiki. Anali bambo ake a mwamunayo, ochokera ku Phalombe, atagwidwa ndi sitiroko. Mbali imodzi inali yakufa ndipo mawu ankatuluka movutikira. Anati abwera kudzaonana ndi madokotala.

Mwezi unatha, wina n'kutha, wachitatunso n'kutha. Chifuwa chawo ndinkachimva kudzera pakhoma m'mawa uliwonse. Ndinatenga fayilo n'kukagogoda.

"Aneba, agogowa tiwalembe," ndinatero.

Mayiyo anatseka chitseko kumbuyo kwake n'kutsitsa mawu. "Alembi, amenewa ndi alendo."

"Alendo a miyezi itatu?"

"Mlendo ndi mame. Akapeza bwino azipita."

"Mame ake ati osakamuka mpaka masana? Inu, moto ukabuka ndani adzawakumbuke?"

"Nanga mukawalemba, ife tikagona kuti? Mwaiona lendi ya masiku ano? Nyumba yokhala ndi chimbudzi cha m'kati, yoti munthu wodwala chonchi n'kusamalika, ndikaipeza kuti?"

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinawauza kuti pepala labodza ndi loipa kuposa kusakhala nalo. Iwo anandiyankha kuti pepala silinagonepo panja. Tinasiyana choncho, ndipo kwa masabata angapo moni wathu unali wa pakamwa pokha. Ndinapempha kuti tipite tonse kwa alandilodi tikafotokoze, mwamuna wawo anakana. Dzina la munthu sungalilembe eni ake atakaniza. Ndinauza atcheyamani pakamwa kuti pa eyiti pali wodwala, iwo n'kugwedeza mutu uku akuyang'ana mpira pa foni.

Zinachitika Loweruka lina masana, nyengo yotentha. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Mnyamata wosakwatira wa pa nambala naini anali atateleka nyemba pa kuka, magetsi atazima anaiwala kuthimitsa, n'kupita kokaonera mpira. Magetsi atabwera, poto anauma, katani n'kugwira moto.

Ine ndinali ku Limbe. Nditatsika minibasi pa siteji ndinaona utsi, ndipo ndinathamanga monga sindinathamangirepo chichokereni kusukulu. Ndinapeza anthu onse ali pansi pa mpeyala. Amuna ena anali atathyola kale chitseko cha pa naini ndipo ankalimbana ndi moto ndi mabotolo ofiira aja. Mabotolowo anagwira ntchito, poti anali atayezedwa miyezi iwiri yapitayo. Koma utsi unali tolo m'khonde lonse la pamwamba, wakuda, wonunkha matiresi.

Atcheyamani, amene ndinkawasiyira fayilo ndikamachoka, anali ataima nayo m'manja, thukuta lili kamukamu, koma akuoneka okhutira.

"Alembi, musadandaule, tonse tatuluka. Ndaitana khomo ndi khomo. A pa eyiti kulibe, bambo ali pa ulendo, mayi kumsika, ana ku kwaya. Ndawaimbira."

"Nanga agogo?"

Anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine. "Agogo ati?"

Mayo ine! Anthu onse aja ankawadziwa agogowo. Ena anathandiza nawo kuwakweza pa masitepe. Koma pa chipwirikiti mutu sugwira, munthu amakhulupirira chimene chalembedwa. Ngakhale mayi aja pa foni anangoyankha zimene anafunsidwa, poti atcheyamani sanawauze kuti utsi wafika pakhomo pawo.

Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Amuna awiri ananyowetsa malaya, kuphimba kumaso, n'kukwera. Chitseko chinali chokhoma ndi loko wakunja, monga ankachitira mayiyo akamapita kumsika. Anachiphwanya ndi chitsulo cha matayala. Agogo anawapeza pansi, pafupi ndi chitseko. Anali atadzigwetsa pabedi n'kukwawa ndi mkono umodzi, ndipo ankamenya chitseko ndi kapu yachitsulo. Palibe anamva. Anawatsitsa ali moyo, akutsokomola, maso ali psuu. Atawagoneka pa chitenje pansi pa mtengo, kapu ija anali asanaisiye.

Mayi aja atafika anagwada pambali pa agogowo osalira. Ine ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawasungira, koma nditawaona ndinangowameza.

Alandilodi anabwera mawa lake. Anayendera khomo la naini, anaona setifiketi ya mabotolo ndi lipoti la wamagetsi, n'kunena kuti fayilo ili bwino, a inshuwalansi sakavuta. Kenako anafunsa za chitseko chophwanyika cha pa eyiti, ndipo nkhani yonse inatuluka. Ndinayesa kuwachonderera. Ndinati munthuyu ndi wodwala, sadya zambiri, satunga madzi, sakwera masitepe.

"Mayi, ndikalola mmodzi, mawa khomo lililonse likhala ndi wodwala wake," anatero. "Asanu ndi asanu. Pakutha pa mwezi ndipeze zakonzeka."

Ndinawayang'ana akukwera galimoto yawo, mtima ukuwira. Akanakhala munthu wa msinkhu wanga ndikanawauza zina.

Patapita masiku, madzulo ndikuchokera kuntchito, mayi aja anagogoda pakhomo panga. Aka kanali koyamba kulowa m'nyumba mwanga chikanganirane. Anakhala pa mpando n'kupempha kuti nditulutse fayilo.

"Alembi, lembani agogo. Mulembenso kuti sayenda, aliyense wotsegula aone."

Ndinalemba, ndi zilembo zikuluzikulu. "Tsono akwana sikisi," ndinatero.

"Fufutani mwana wanga woyamba."

Mwanayo anali mtsikana wa Fomu Thuu, wamtali, wothamanga pa masitepe moti ndinkachita kumukalipira. Ndinafunsa kuti akupita kuti.

"Alandilodi tawauza kuti akakhala kwa azakhali ake ku Bangwe."

"Akupitadi?"

Tonse tinkadziwa kuti kwa azakhaliwo ndi chipinda chimodzi, ndipo sukulu ya mwanayo ili konkuno. Ndinaika bolopeni pansi. Ndinawauza kuti tabwereranso pomwe paja, kuti pepala likhalanso ndi munthu wosowa, ndipo tsiku lina wina adzaimanso pansi pa mpeyala n'kunena kuti tonse tatuluka.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndaganiza usiku ndi usana. M'nyumba mwanga wina ayenera kukhala mlendo basi. Ndiye ndasankha."

Anatenga bolopeni ija n'kundibwezera m'manja.

"Uyu ali ndi miyendo, alembi. Akhoza kuthawa yekha."

Ndinajambula mzere pa dzina la mwanayo, ndipo zinandipweteka ngati ndikufufuta wanga. M'mawa mwake yunifolomu yake inali pa chingwe kuseri monga mwa masiku onse, ikudontha madzi. Anatsika masitepe akudumpha awiriawiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinamukalipirenso.