Mapiko okhaokha pamaso pa apongozi

Mwachoma bwanji nonse. Ine lero ndachita manyazi.

Apongozi aamuna abwera kuchokera ku Shikabeta, pomwe nkhuku zathu zinatha ndi chitopa. Ndatumira foni amuna anga ku Lusaka kuti agule nkhuku yokazinga pa shopu yachikasu ija, pamene amaika ntchafu zazikulu ndipo sachedwetsa munthu. Iwo akuti shopu yofiira ndiyo yotchuka. Aima pamzere mpaka minibasi yoyamba yawasiya.

Titatsegula bokosi lomwe abwera nalo kuchokera ku shopu yofiirayo, tapeza mapiko okhaokha, ouma ngati nkhuni!

Apongozi atembenuza limodzilimodzi, kenaka andiyang'ana ine. "Nanga nthutumba ya mlendo wadya ndani, mayi?" Asamba m'manja osalawa ngakhale pang'ono.

Ndiuzeni abale anga, ndiwafotokozere bwanji kuti wakuba ndi shopu, osati ine?