Buku la a Dennis mu mgolo wopita kumudzi

Lachinayi lapitali ndinaweruka kuchipatala kuno ku Romford, ku London, nditatopa, ndikungofuna tiyi ndi katebulo kanga ka m'chipinda chakumbuyo. Kutsegula chitseko, patebulo pali mbee, popukutidwa bwino ngati mufiyeta yochitira opaleshoni.

Mwina simudziwa, koma ine, bambo wa imvi zanga, nesi wolemekezeka ndithu, ndimamanga akasinja. Aang'onoang'ono, okwana pachikhatho. Umagula bokosi la tizidutswa ta pulasitiki, n'kumalumikiza ndi guluu, kenako n'kupenta. Koma munthu akagwidwa ndi nthenda imeneyi, za m'bokosi sizimukwanira. Umaitanitsa tina padera: mpope wa mfuti wachitsulo, timaunyolo ta m'mawilo, tizitseko ta mkuwa topyapyala kuposa chikhadabo. Ndiye pamafunikanso buku la zithunzi za kasinja weniweni, kuti uone pomwe bauti iliyonse inali.

Buku lomwe linali patebulopo silinali langa. Anandibwereka ndi a Dennis, mkulu wina wachizungu wa kukalabu yathu ya omanga akasinja, amene anandikokera mpando tsiku langa loyamba pomwe ena ankangondiyang'ana. Bukulo anasiya kalekale kulisindikiza, komanso linali la malemu achimwene awo. Pondipatsa anandiuza kuti sanalibwerekepo munthu wina aliyense. Ine ndinalonjeza kulibweza Loweruka.

"Amayi a Tadala, zinthu zanga zili kuti?"

Mkazi wanga anangoloza kukhitchini. Kunali akulu ake, alamu anga a Nachisale, omwe anabwera kuchokera ku Tottenham kudzathandiza kulongedza mgolo wopita kumudzi.

"Zidole zija? Ndaika mu drum, alamu," anatero akupukuta m'manja. "Ana anu akula, sazigwiranso. Akumudzi akakondwa nazo. Ndi buku lomwe, lili ndi zithunzi zokongola. Van yatenga masana ano."

Mlamu wamkulu sumukalipira, makamaka atakupukutira tebulo. Ndinangoti, "Zikomo," koma zikomo wake wotulukira m'mano.

Ndinaimbira bambo amene amatitumizira migolo kumudzi. "Bwana, container tikutseka mawa," anatero. "Bwerani ku Barking ngati mukufuna, koma ma drum ndi ambiri, ndipo onse ndi a blue."

Tulo sindinationepo. Kasinja ndikanagula wina. Koma a Dennis ndikanawauza chiyani? Kuti buku la achimwene awo lili panyanja, likupita kukang'ambidwa kuti akulungiremo zitumbuwa? Ndinkaona kale nkhope yawo, osakwiya, kungogwedeza mutu mwaulemu wachingelezi uja umene umapweteka kuposa mbama.

Kutacha ndinasinthana shifiti ndi mnzanga n'kukwera basi. Ndinapeza mgolo wathu utalowa kale mukontena, kumbuyo kwa firiji ya munthu wina ndi matiresi. Bambo wina wa ku Zambia, wonyamula katundu, anandithandiza kuukoka uku akuseka.

"Mudala, vonse ivi chifukwa cha toy?"

Tinadula chomangira n'kuyamba kutulutsa katundu pansi pomwepo, anthu akuona: nsapato, mabulangete, sopo, masuti anga akale omwe sindinadziwe n'komwe kuti akupita. Pakatikati panali chigubu cha mafuta ophikira, ndipo ndinaopa kuti mafutawo atayikira pabuku. Pansi pa chigubucho panali thaulo. M'thaulomo munali buku, louma, losapindika ngakhale pangodya.

Pamenepo ndiye ndinapuma. Ndinakhala pamgolo wa munthu wina n'kuseka ndekha ngati wopenga, misozi ili m'maso. Ndipo pano ndinene chilungamo: a Nachisale amadziwa kulongedza. Kasinja yekha ndiye anathyoka mpope, tizitseko ta mkuwa tija titabalalika m'masokosi a ana. Sindinadandaule nazo n'komwe.

Pobwerera m'basi, buku lili pachifuwa, mkwiyo unali utatha, kunangotsala funso. Kodi alamu anga analakwa chiyani kwenikweni? Anaona chinthu chosadyedwa, chosavalidwa, chosabweretsa ndalama, m'nyumba mwa anthu akuluakulu. Kwathu chinthu chotere ndi cha ana, ndipo ana osowa ali kumudzi. Kupatsa n'kuika, timatero. Iwo anachita zomwe tonse tinaphunzitsidwa.

Vuto lili apa: ife sitikhulupirira kuti munthu wamkulu angachite chinthu chifukwa chongochikonda. Akaweruka agone, kapena apite kutchalitchi, kapena akagwire ntchito ina. Mpira pa TV timaulola. Koma bambo atavala galasi lokulitsa zinthu, akupenta kansapato ka msilikali kochepa ngati njere ya mpunga, timayamba kunong'onezana kuti awa London yawasokoneza mutu.

Chonsecho ndife omwe aja tinkapanga magalimoto a mawaya. Mwaiwala? Galimoto yongoyenda sinkatikwanira. Tinkafuna magetsi a zitsekero za mabotolo, masipuling'i, tayala lapadera kumbuyo, ngakhale kagalasi koonera m'mbuyo. Lole ikaima pasitolo tinkaizungulira, kusuzumira pansi pake kuti tione mmene zitsulo zakhalira. Limenelo ndilo linali buku lathu la zithunzi. Nanga tinazisiya liti? Anatiuza ndani kuti manja a munthu wamkulu ndi ongosainira mafomu ndi kutembenuza odwala?

Ine ntchito yanga ndimaona zinthu zolemetsa mtima. Ndikakhala patebulo paja ndi kachitsulo kopanira m'manja, mutu umazizira. Si kuti ndimakonda nkhondo ayi. Ndimakonda kuti pali malo amodzi pomwe chinthu chikathyoka ndimatha kuchikonza.

Loweruka ndinapita kukalabu n'kupereka buku ndi manja awiri, mwakwathu. A Dennis analitsegula, analisisita pachikuto, n'kundifunsa ngati landithandiza. Ndinati kwambiri. Za ku Barking sindinatchule. Kenako anati ali ndi lina kunyumba, la magalimoto a asilikali, ndipo andibweretsera ngati ndikulifuna. Ndinavomera, koma pobwerera ndinadzera kusitolo kukagula loko wa chipinda chakumbuyo.

Madzulo ake a Nachisale anaimba foni kupepesa. Kupepesa kwake kunali kwa mlamu wamkulu.

"Sorry alamu, sindinadziwe kuti ndi zanu. Koma inu, munthu wamkulu, nurse wathunthu, mumapeza kuti nthawi ya zimenezi?"

Ndinawafunsa kuti iwo tsiku lawo lopuma amachita chiyani chowasangalatsa.

"Ndimatenga shift ina," anatero, mawu atatsika.

Nanga inu owerenga, akanakufunsani, mukanayankha chiyani?