Wodi Yodzaza a Peshensi

Mdzukulu wanga wa ku Chibavi watcha khanda lake Peshensi. Akuti pa Chingerezi ndiye kupirira.

Linali dzina la mng'ono wanga. Tili aang'ono, anagonekedwa m'wodi ya ana, fungo la mankhwala lili guu, ine nditakhala pansi ndi kapu yake. Namwino anafuula, "Mapeshenti onse pabedi!" Posadziwa kuti akunena odwala, ndinadabwa chomene: ana onsewa dzina limodzi?

M'mawa mwake pabedi pake panali mwana wina.

"Amama, wathu uja ali kuti?"

Amama anangopinda kachitenje ka Peshensi. "Tiye kunyumba."

Sindinalire ayi. Ndinkati a Peshensi achuluka, angomusokoneza, amubweza. Ndakalamba chonchi, misozi ya maliro amenewo sinabwerebe.