Malamba Amene Teodosia Ankasoka

Kwa zaka khumi ndi zinayi, Teodosia Huamaní ankagwira ntchito kuseri kwa nyumba ina yosungira okalamba mumzinda wa Arequipa, m'chipinda chochapira zovala. Manja ake anali otuwa ndi sopo, ndipo pakamwa pake simukanapalimba. Okalamba onse makumi atatu a m'nyumbamo ankawadziwa ndi zovala zawo zokha: uyu amadzitayira msuzi pachifuwa, uyu amabisa buledi m'thumba la juzi, uyu walavula mankhwala. Ambiri nkhope zawo anali asanazione, chifukwa lamulo la panyumbapo linali lakuti wochapa asakwere m'chipinda cham'mwamba, kuopa kutengera agogo matenda a m'zovala zakuda. Lamulolo iye ankalilemekeza kwambiri.

Nyumbayo ankaikhulupirira ndi mtima wonse. Mayi ake omubereka, Doña Gumercinda, atayamba kuiwalaiwala mpaka kusiya mbaula ya gasi ili chiyakire, anawabweretsa komweko. Mlongo wake anakana, koma Teodosia anadziguguda pachifuwa.

"Iwe khala chete. Ndimagwira komweko ine, nsalu za pabedi lawo ndizichapa ndekha."

Lamlungu lililonse, tsiku la alendo, ankawapeza atawakhazika panja pamaluwa, tsitsi atawaluka bwino, atavala chipewa, akudya mbatata ndi tchizi. Ankabwerera kwawo mtima uli m'malo.

Ntchito imene ankainyadira kuposa zonse inali ya malamba. Woyang'anira nyumbayo, Señora Maritza, ankamupatsa nsalu zakale za pabedi kuti azing'ambe n'kusoka malamba ataliatali. Anamuuza kuti ndi otembenuzira odwala pabedi, kuti osamalira asathyoke misana. Teodosia sankadziwa kugwira ntchito mwachiphamaso. Ankapinda m'mphepete kawiri, n'kuika thonje pakati kuti lamba asadye khungu. Malambawo akabwera kudzachapidwa ali ndi mfundo zolimba, ankazimasula ndi mano uku akutukwana atsikana a m'mwamba kuti ndi osasamala. Kunena zoona, apa mayi wochenjerayu anapusa, ndipo n'zopsetsa mtima. Zaka zonsezo sanadzifunseko kuti lamba wotembenuzira munthu amangidwiranji mfundo.

Oyendera a boma ankabwera kamodzi pachaka, koma Señora Maritza ankamva kudakali sabata yathunthu, ndiye ankapeza pansi pakuwala, agogo akununkhira mafuta. Lachiwiri lina masana kunabwera woyendera watsopano, mtsikana wamagalasi dzina lake Yesenia Apaza. Iyeyu sanadzere pakhomo lalikulu. Analowera pageti lotulutsira zinyalala n'kupeza Teodosia akuyanika.

"Mwasochera, geti la alendo lili kutsogolo," anatero Teodosia.

Yesenia anamuonetsa chiphaso chake, kenako analoza pachingwe. "Amayi, izi n'chiyani?"

"Malamba. Kusukulu kwanuko sanakuonetseni lamba? Ndasoka ndine, taonani msokowo, makina sangaufike."

"Amagwira ntchito yanji?"

Teodosia anafotokoza monga anamuuzira. Yesenia anamufunsanso.

"Munayamba mwakwerako m'mwambamo nthawi ngati ino?"

"Wochapa sakwera."

"Lero mukwera ndi ine."

Anakwera akupukuta manja pa epuloni, akung'ung'udza kuti zovala zimuumira mubeseni. Pakhomo la chipinda chochezera, fungo la mkodzo linawalandira. Wailesi yakanema inkangosokosa yokha. Wosamalira panalibe ndi mmodzi yemwe.

Okalambawo anali pamzere m'mipando yawo, aliyense lamba m'chiuno, mfundo ili kuseri kwa mpando kumene dzanja silingafike. Ena anali atawamanga ndi mikono yomwe. Bambo wina anali atatsetsereka mpaka lamba kumufika m'khwapa, mutu uli lende, miyendo itatupa. Teodosia anamuzindikira ndi juzi, anali uja wobisa buledi. Lamba aliyense m'chipindamo anali wake.

Señora Maritza anatulukira akuthamanga, chakudya chili kukamwa.

"Ndiye mukufuna agwe athyoke mafupa?" anatero kwa Yesenia. "Atsikana awiri ayang'anire bwanji anthu makumi atatu? Timangowamanga akatha kudya mpaka chamadzulo, basi. Palibe amene anadandaulapo." Kenako anatembenukira kwa Teodosia. "Nanga iwe ukutani kuno? Tsika msanga."

Yesenia anali kale pafoni akuitana anzake. Teodosia sanamve n'komwe, chifukwa anali ataona mayi ake pakona, pafupi ndi zenera lotseka. Analibe chipewa, tsitsi linali losaluka, siketi inali yonyowa.

Anagwada kuseri kwa mpandowo. Mfundo inakana, mpaka anaimasula ndi mano. Atakweza bulauzi ya mayi ake anaona mkwingwirima wakuda wozungulira chiuno chonse, wakalekale, khungu lake litachita kuuma. Lamlungu lililonse mkwingwirimawo unkakhala pansi pa shawelo pamene iye ankawadyetsa mbatata n'kumaseka nawo.

"Amayi, zayamba liti izi?" anafunsa Teodosia. "Bwanji simunandiuze? Ndimabwera sabata iliyonse ine, amayi."

Doña Gumercinda anali munthu woiwala tsiku, mwezi, ngakhale dzina la malemu mwamuna wawo. Koma apa anamuyang'ana mwana wawo ndi maso odziwa bwinobwino. Anatola lamba uja pamwendo pawo n'kuyendetsa chala m'mphepete mwake.

"Ndikuuze chiyani, Teo? Msoko uwu ndi wako. Ndinakuphunzitsa ndine kupinda chonchi." Anapumira kaye. "Ndimati ukudziwa. Ndimati ndinakutopetsa, ndiye wawauza kuti azindimanga."

"Ayi, amayi. Ayi."

"Usalire, sindinakwiye." Anamupatsa lambayo m'manja, n'kukweza mikono kuti amangidwenso. "Manga iweyo, mwanangu. Atsikana aja amakoka kwambiri."