Lachisanu la a Bwanali

A Levison amagulitsa mipini ya makasu ndi mapiki mu Msika wa Lilongwe, benchi yoyandikana ndi yanga. Kucheza nawo n'kotopetsa: iwe mawu khumi, iwo amodzi. Dzanja lawo lamanja lili ndi zala zitatu, ndipo podzuka amayamba agwira m'chiuno ngati nkhalamba, chonsecho wamkulu ndine. Takhala limodzi zaka zisanu ndi chimodzi, koma za zalazo anandiuza kamodzi kokha, tsiku lina mvula itatithamangitsira makasitomala.

Kale ankagwira ntchito pa mgodi wa miyala ya kwale kunja kwa mzinda, kochokera miyala yomangira nyumba zokongola za ku Area 47 zija. M'dzenje ankatsikamo anthu khumi ndi awiri. Msilamu analipo mmodzi, a Bwanali, bambo wa ana anayi. Lachisanu lililonse dzuwa likamayandikira paliwombo, a Bwanali ankakwera kumtunda, kusamba pa diramu, kuvala mkanjo, ulendo wa ku mzikiti ku mapemphero a Juma. Anzawo ankawanyogodola kuti a Shehe, iwo n'kumangoseka.

Lachisanu lina mu Febuluwale, mvula itagwa sabata yonse, khoma la dzenjelo linagumuka itangokwana 12 koloko. Aliyense anathawa mmene akanathera. Fumbi litachepa, kapitawo anawaimika pamzere n'kuwerenga. Khumi ndi mmodzi.

"Nanga Bwanali?"

"Lero Lachisanu, bwana. Ali ku Juma," anayankhira pamodzi.

Anapuma onse, ena mpaka kuyamba kuseka. Kapitawo analamula kuti wina asatsikemo, khoma likugwabe, katapila adzachotsa dothilo Lolemba. Ndimakwiya ndikafika pamenepa, koma sindidziwa woti ndimukwiyire. Palibe ananama. Ananena zomwe ankazidziwa.

Panapita pafupifupi ola. A Levison polowa mu shedi kuti atenge jekete azipita, anaona jumbo ili lende pamsomali. Mkati mwake munali mkanjo woyera, wosita, ndi kachisoti pamwamba.

"Bwana, a Bwanali ali pansi."

"Mwina wangoiwala, iwe."

"Munthu amaiwala foni, bwana, osati mkanjo wa Juma."

"Ukatsikamo, zako zimenezo. Ine ndakuletsa, anthu awa ndi mboni."

A Levison anatenga fosholo ndi chitsulo chokumbira n'kutsika. Akuti anachita kutsetsereka chokhala. Mnzawo wina dzina lake Jobu anawatsatira akutukwana, enawo anaima m'mphepete manja ali m'khosi. Sindiwaweruza, inenso mwina ndikanaima pomwepo.

Pansipo a Levison ankamenya mwala katatu ndi chitsulo, kenako kugunditsa khutu. Kumenya, kumvetsera. Pamalo achinayi china chake chinayankha mofooka, go, go. Fosholo anaisiya poopa kumutema munthu, anayamba kufukula ndi manja, miyala ing'onoing'ono ikuwagwera pamsana. Anthu a kumtunda ataona kuti zoona munthu alimo, anatsika anayi ena. Akusuntha chimwala chomwe chinapanikiza a Bwanali m'chiuno, chinaterereka n'kutsikira padzanja la a Levison. Akuti sanamve kalikonse, anangoona Jobu akuvula malaya n'kuwakulunga.

Anawatulutsa cha m'ma 4 koloko, ali moyo. Atawapukuta matope kumaso, a Bwanali anayang'ana kumwamba n'kufunsa, "Juma yatha?"

"Yatha, a Shehe. Mudzapita sabata yamawa."

Anawakweza pa lole ya miyala, mutu uli pamiyendo ya a Levison. Anatsirizika ali m'njira, asanafike ku chipatala.

A Levison sanabwererenso ku mgodi. Zala zitatu sizigwira piki tsiku lonse, ndiye anayamba kusema mipini kuti azigwira ena. Satifiketi kapena mendulo sanalandire, ndipo sanaifune.

Atatuluka m'chipatala anapita kukapepesa maliro kwa a Adija, akazi a malemuwo. Anapita ndi mantha, atakonzeka kumva kuti munali kuti nonsenu. Mayiwo anawayalira mkeka, anakhala chapatali n'kunena kuti, "Achimwene, kwathu kuno munthu sitimugoneka masiku. Akanakhala m'dothi muja mpaka Lolemba, n'kudzatoledwa ndi katapila. Inu munatibweretsera munthu woti timusambitse, timuveke nsanda, tinamuika mawa lake m'mawa. Zikomo."

Ine ndinati, basi a Levison, mawu amenewo ndi okwanira kuti mtima ukhale pansi. Iwo anapukusa mutu, maso ali pa madzi oyenda mu ngalande.

"Adokotala anati akanafika msanga ndi ola limodzi, mwina akanachira," anatero. "Ndipo woyamba kunena kuti ali ku Juma ndinali ine."