Ndinadzipha Ndekha pa Telegalamu

Inu owerenga, ine ndili moyo, koma mwamuna wanga amadziwa kuti ndinamwalira. Wolakwa ndine, chifukwa cha manyazi.

Bambo a mwana wanga anapita ku migodi ya ku Joni ine ndili ndi pakati. Mwezi umene ndinachira kwathu ku Mitundu, amayi awo anamwalira ku Nathenje. Maliro atatha, alamu anga anandituma ku positi ofesi kukatumiza telegalamu, poti keyala ndinkasunga ndine.

Kalaliki wake anali bambo waulemu. Anati njira zilipo ziwiri. Ndikhoza kumufotokozera nkhani yonse, iye n'kuyala mawu monga amachitira masiku onse: wamwalira ndani, pali ubale wanji, watumiza ndani. Apo ayi ndizitchula ndekha, iye azingolumikiza mawuwo limodzilimodzi.

Kumbuyo kwanga kunali mzere wa azibambo. Za uchembere ndikanazifotokoza bwanji pamaso pawo? Ndinasankha njira yachiwiri. Ndinazyolika n'kunong'ona kuti, "Amwalira amake." Ndinapuma. Kenaka ndinati, "Mwana wabadwa, ali bwino." Atafunsa wotumiza, ndinatchula alamu anga aja.

Kupuma kwanga kuja sikunapite nawo pa waya. Ku Joni kunafika mzere umodzi wogundana: AMWALIRA AMAKE MWANA WABADWA ALI BWINO. Nanga amake mwana ndi ndani? Si ine?

Ndinadikira yankho mpaka kutopa. Tsiku lina mnzawo wa amuna anga wobwerako ku migodi anandiona pamsika wa Mitundu, n'kugwetsa katundu pansi ndi mantha. Ndi amene anandiuza. Akuti amuna anga analira, anameta, kenaka anati mwana ali ndi eni ake akuchikazi, iwo kumudzi alibenso chobwerera. Ntchito itatha analowera kumafamu osasiya keyala. Makalata amene ndinalembetsa anabwerera onse.

Mwanayo tsopano akuthamanga. Mwamuna aliyense wodutsa panjinga amamuitana kuti ababa, ine n'kumugwira pakamwa. Kumunda timapita awiri, kudya awiri.

Akazi anzanga, mawu akamapita kutali amasiya mpweya wanu pomwepo. Wodziwa kuwayala akakufunsani, fotokozani zonse, ndipo musachoke asanakuwerengereni zimene walemba. Azibambo a pamzere aja lero sindikukumbukira nkhope ya mmodzi yemwe, koma ndi amene ndinawaopa mpaka kutaya banja.