Tsiku Limene Anang'amba Kabudula Wanga

Bwalo lathu la mpira linali kuseri kwa sukulu, pamtunda, ndipo amene analisankha sanaimepo pagolo. Linali lopendekeka ngati denga la chigafa, dothi lake katondo wosakanikirana ndi timiyala. Golo lakumtunda linkamera kaudzu pang'ono, koma lakumunsi, kumene madzi a mvula ankakokolola nthaka, linali gwa ngati msewu. Anzanga osewera pakati sankaona vuto lililonse, poti iwo ankagwa mwina kamodzi pamwezi. Ine goloboyi ntchito yanga inali kugwa, lero kumanja, mawa kumanzere.

Pagolo anandiikapo ndili ku pulayimale chifukwa ndinali wamtali komanso waulesi kuthamanga. Koma nditakula ndinaikonda ntchitoyo, ndipo ndinaiphunzira ndekha. Ndikaweruka kumunda wa fodya ndinkapita kukhoma la tchalitchi ndi mpira wanga wa zigamba, n'kumaumenyetsa pa njerwa kuti uzibwerera mokhota, ine n'kumauwakha. Ndinazindikira kuti munthu akamamenya penate usamuyang'ane m'maso, poti maso amanama. Uyang'ane phazi limene waponda nalo pansi. Zimenezi palibe anandiuza. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: kukaima pagolo la timu yaikulu ku Lilongwe, anthu a kwathu ku Dowa adzandimve pa wailesi.

Chovuta chinali chiuno. Pofika zaka makumi awiri ndi zitatu, m'mbali mwa ntchafu zanga munali mabala osapola. Lina likamati liume, Loweruka lafika, ndalisupulanso. Ndinayamba kuchita mantha ndi mipira yapansi. Ndinkaiona bwinobwino, mutu n'kunena kuti dumpha, thupi n'kukana. Anthu kunja ankangoti goloboyi wayamba matama.

Matipate itabwera, zinthu zitatu zinachuluka kwathu: misonkhano, zikho za mpira ndi kaunjika. Aliyense wofuna uphungu ankagula chikho n'kuitana matimu. Ndipo pa Mponela mabelo a zovala ankatsegulidwa tsiku lililonse la msika, anthu n'kumalimbirana ngati nkhuku pa madeya.

Panali bambo wina wachisilamu amene anali ndi sitolo pafupi ndi pokwerera minibasi, ndipo pakhonde pake ankagulitsanso kaunjika. Ankandidziwa chifukwa ankakonda mpira. Tsiku lina ndikudutsa anandikodola.

"Achimwene, tabwerani. Muli katundu wanu muno, wakhala milungu itatu palibe womufuna."

Anatulutsa chikabudula chakuda, chachikulu, chofika m'mawondo. M'chiuno monse ndi m'ntchafu munali zotupatupa zosokerera m'kati, zina zofewa, zina zolimba ngati chivundikiro cha ndowa. Ndinaseka, n'kufunsa ngati chinali chishalo cha bulu.

"Musaseke," anatero. "Ndinaona pa vidiyo ku Lilongwe. Kwa azungu uko kumene madzi amauma n'kukhala mwala, amasewera mpira wa ndodo pamwamba pa madziwo. Goloboyi wawo amavala zimenezi thupi lonse, mpaka kumaso. Pansi pawo mpolimba kuposa panu, ndiye anaganiza."

Mawu akuti anaganiza aja anandigwira mtima. Kunali munthu kwinakwake, wa ntchito ngati yanga, amene anthu ake anakhala pansi n'kumuganizira za chiuno chake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinagula kabudulayo, telala n'kundibwezera m'chiuno, poti mwini wake woyamba ayenera kuti anali chimunthu.

Loweruka loyamba bwalo lonse linafa ndi phwete. Ena ankati ndavala matiresi, ena ankati ndabisa mikate. Koma mpira woyamba wapansi utabwera ndinadziponya pa timiyala tija, ndipo sindinamve kanthu. Ndinadzuka ngati ndagwa pa mphasa. Kuyambira tsikulo mantha anatha. Zonse zimene ndinaphunzira kukhoma la tchalitchi zinayamba kuoneka, ndipo tinasewera magemu asanu ndi awiri popanda wondichinya.

Pa gemu yachitatu kuseka kunali kutatha. Pa yachisanu ndinamva amayi ena pa chigayo akunena kuti m'kabudula mwanga munasokeredwa zithumwa. Ena ankati ndinakazitenga kuphiri la Ntchisi, kwa nkhalamba ina imene sindinaionepo. Ankati womenya akafika pafupi nane amaona golo litasanduka chulu. Mnyamata wina wa timu ya ku Chezi analumbira kuti anaona mpira ukukhota wokha kulowa m'manja mwanga.

Apa ndiyenera kudziimba mlandu. Poyamba ndinkakana, ndi mkwiyo ndithu. Koma ndinaona kuti omenya ayamba kundiopa. Munthu ali yekha ndi ine, m'malo moika mpira pakona, ankaumenya mothamanga ngati ukumuotcha. Ndiye wina akafunsa kuti, "Kodi n'zoona?" ndinkangomwetulira n'kusisita kabudulayo. Ndinkafuna azinditama chifukwa cha manja anga, komanso azindiopa chifukwa cha mankhwala amene ndinalibe. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Kochi wathu anali mphunzitsi wa Sitandade 7, munthu wabwino mtima koma wokonda kulankhula. Titafika mu fainolo ya chikho cha bambo wina wofuna uphungu, iwo analemba kalata ku Lilongwe. Yankho linabwera loti timu ina yaikulu itumiza munthu kudzandiona. Sabata imeneyo ndinkalima ngati ndilibe mafupa, ndipo ndinachapa kabudula wanga kawiri.

Fainolo inali pa Mponela, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinkakumana ndi timu ya kumalire a Ntchisi. Anthu anadzaza mpaka m'mitengo. Mlendo wa ku Lilongwe uja anamukhazika pa mpando pafupi ndi mwini chikho, atavala magalasi akuda, kabuku kali pa bondo.

Tili pamzere kuti tiyambe, kapiteni wa timu inayo anakhala pansi pakati pa bwalo. Anzake onse anakhalanso pansi. Woyimbira anapita kukafunsa.

"Sitisewera ndi munthu wovala zitsamba," anatero kapiteniyo mokweza kuti aliyense amve. "Avule, kapena ting'ambe tione."

Ndinayang'ana kwa kochi wathu, kuyembekeza kuti anene zoona, kuti ndi chovala cha mu belo basi. Iwo anathamangira pakati, thukuta kamukamu.

"Ayi, ayi, zimenezo sizing'ambidwa! Mukang'amba mwationongera zonse!"

Bwalo lonse linachita phokoso. Ndinawagwira mkono. "Aphunzitsi, mwatani kodi? Mulibe kanthu m'menemu, inunso mukudziwa."

Anandiyang'ana modabwa. "Mphwanga, usaope. Ife tili nawe, chinsinsi chako sitiulula."

Ndipamene ndinadziwa kuti ngakhale munthu amene ankandiona ndikuchita masewera olimbitsa thupi tsiku ndi tsiku, amene analemba kalata ku Lilongwe ndi dzanja lake, ankakhulupirira kabudula osati ine. Mtima unandiwawa kuposa chiuno.

Bambo wa sitolo uja analipo. Anayesa kulowa m'bwalo akukuwa kuti chovalacho anagulitsa ndi iye, chinachokera mu belo, koma anthu anamubweza kuti wamalonda aliyense amaikira kumbuyo katundu wake. Mwini chikho anayamba kuyang'ana wotchi, poti anali ndi mawu oti alankhule dzuwa lisanalowe. Woyimbira anabwera kwa ine n'kunena motsitsa kuti, "Achimwene, tithandizeni. Anthuwa akabalalika, mlandu ukhala wanu."

Ndinayang'ana mlendo wa magalasi uja. Ndinaganiza kuti mwina ndi bwino, aone ndi maso ake kuti mulibe kanthu, adziwe kuti amene amagwira mipira ndine. Ndinavomera.

Mlongo wanga anandiponyera chitenje. Ndinavula kabudula pakati pa bwalo nditadzikulunga chitenje cha maluwa, anthu mazanamazana akuimba mluzu. Wina anabweretsa lezala. Kapiteni uja sanafune kukhudza ndi manja, anapanikiza ndi nsapato, woyimbira n'kumang'amba. Anatumbula thumba loyamba, munatuluka siponji yotuwa. Lachiwiri, siponji. Lachitatu, kapulasitiki kopindika. Sanasiye mpaka anatumbula onse, n'kumanunkhiza chidutswa chilichonse. Mphepo inayamba kuulutsa tizidutswa ta siponji kupita ku golo lakumadzulo. Ine ndinangoima, ndikuona chinthu chokhacho chimene chinandimverapo chisoni pa ntchito yanga chikusanduka nsanza.

Ndinkayesa kuti anzanga asangalala kuti dzina langa layera. Nditacheuka ndinapeza nkhope zagwa. Wotchinga kumbuyo wathu, amene ndinakula naye mudzi umodzi, anandiyandikira.

"Ndiye nthawi yonseyi umatinamiza, aise? Ife timalowa m'bwalo mitima ili m'malo poti tili ndi chotiteteza, chonsecho ndi siponji?"

"Chokutetezani ndine," ndinatero.

Anangotsonya n'kuchoka.

Anandibwereka kabudula wa mnzathu wina wokhala panja, wothina, wansalu yopyapyala. Mpira unayamba. Sindinaonepo timu yathu ikusewera mwamantha ngati tsiku limenelo. Mpira ukafika kwa mnzanga ankangoutaya, ngati wauba. Anyamata a ku Ntchisi anakhazikika pakhomo panga chigawo chonse choyamba. Ndinadumpha kumanja, dothi linandisenda. Ndinadumpha kumanzere, bala lakale linatseguka. Mkwiyo ndi umene unkandinyamula. Mpira uliwonse ndinkauwakha ngati ndikuwakha kapiteni uja pakhosi.

Chigawo chachiwiri a ku Ntchisi anapatsidwa penate. Womenya anali kapiteni yemweyo. Anandiyang'anitsa m'maso, akuponya diso kumanja kwanga, koma phazi lake loponda linaloza kumanzere. Ndinapita kumanzere, pansi penipeni, ndipo mpira unakakamira pachifuwa panga. Nditadzuka magazi anali akutsikira m'sokosi. Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, tinapeza kona, panachitika chipwirikiti, mpira unagunda bondo la wina n'kulowa. Tinapambana ndi chigoli chimodzi chimenecho.

Anandinyamula m'mwamba, inde. Koma ndili pamapewa awo ndinkamva zimene ankauzana pansipo. Ankati mankhwala enieni sakhala m'chovala, kabudula uja anali wongophimba anthu m'maso. Ankati mwana ameneyu ndi wokhwima zedi, mankhwalawo anachita kumeza. Wotchinga kumbuyo uja anabwera akuseka n'kundimenya pamsana, amvekere, "Unatiyesa, eti? Iwe ndiwe dolo." Ndinafuna kulira, koma osati chifukwa cha chimwemwe.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti awa ndi anthu akumudzi, asiyeni. Munthu wa ku Lilongwe, wa kabuku, waona mpira wambiri, adziwa chimene waona. Mwini chikho atatha kulankhula, mlendoyo ananditumizira uthenga kuti tikaonane ku galimoto lake, pansi pa mtengo wa mango. Ndinapita ndikutsimphina, nditapukuta nkhope ndi jezi.

Anandipatsa moni wa manja awiri. "Achimwene, lero mwandionetsa zinthu. Penate ija, eee."

"Zikomo, bwana. Ndimayang'ana phazi loponda pansi, ndiye..."

"Eya, eya," anandidula. Anavula magalasi, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina akumva. "Tilankhule ngati amuna. Goloboyi ife tili naye kale, ndi mwana wabwino, kungoti alibe mwayi. Chimene tikusowa ndi munthu wanu wakuphiri uja. Mutiperekeze kwa madalawo, ife sitidzakuiwalani."

 Ndinamuuza kuti kulibe madala aliwonse, kulibe phiri, kulibe chithumwa. Ndinamuuza za zaka zonse zimene ndinadzigwetsa pa katondo. Iye ankangogwedeza mutu akumwetulira, monga amachitira munthu wodziwa kuti mnzake akukweza mtengo. Mkwiyo unandikwera mpaka m'maso. Ndinakwinya kabudula wobwereka uja m'mwamba, n'kumuonetsa ntchafu yanga, yosupuka kuyambira m'chiuno mpaka pafupi ndi bondo, dothi litamatirira m'magazi.

"Bwana, onani. Mpira wa lero ndagwira ndi ichi."

Anawerama, n'kuyang'anitsitsa mwachidwi ngati wogula fodya. Analoza ndi chala mizere imene timiyala tinandicheka.

"Oho," anatero motsitsa mawu. "Ndiye mphini zake amatemera pamenepa?"

Ndinatsitsa kabudula. Ndinalibenso china choti ndimuonetse.